Chimanga cha Amalume Alufeyo

Amalume anga a Alufeyo Sakala si munthu woti mukakumana nawo pamsewu wa ku Kachebere mungawacheukire kawiri. Ndi aafupi, a miyendo ya matewe, ndipo chipewa chawo chinaiwala kalekale mtundu umene chinagulidwa nawo. Njinga yawo imayamba yamveka, kenako n'kuoneka. Salankhula zambiri. Akafuna kukutsutsa sakweza mawu, amangoti "ehe?" n'kukusiya kuti uzimvere wekha kupusa kwa zimene wanenazo. Ine "ehe" ameneyu ndakula naye, chifukwa mayi anga ndi mlongo wawo, ndipo iwo ndiwo mwini mbumba kwathu.

Sukulu analekeza sitandade 4. Ali mnyamata ankagwira ganyu paboda, kupakira ndi kutsitsa matumba m'mathiraki opita ku Chipata, kukoka matenti mvula ikamabwera, kudya zotsala za madalaivala. Mpaka lero akapsa mtima Chinyanja cha ku Zambia chimangowatuluka chokha. Msana utayamba kudandaula anakakhala tenanti wa fodya kuesiteti ina, kumene anatha zaka zisanu ndi chimodzi n'kubwerako ndi wailesi, chifuwa ndi mkazi. Wailesi inafa, chifuwa chilipo, ndipo mkaziyo ndi a Esitele amene ali nawo mpaka pano. Chimene chinawabweza kumudzi ndi matenda a mayi awo, agogo anga a Nachisale, poti munda unalibe woulima.

A Nachisale pomwalira sanasiye ng'ombe kapena nyumba ya malata. Anasiya chimanga. Chinali chamakolo, choyera, koma pachimanga chilichonse pankakhala njere zingapo zofiira zomwazikana uku ndi uku. Chinkatalika kuposa denga la khitchini ndipo chinkachedwa kucha, koma makoko ake ankatseka kunsonga mwakuti mvula ngakhale mbalame sizinkapeza polowera. Njere zake zinali zolimba. Pokonola, mphale inkatuluka yambiri, madeya pang'ono, ndipo amayi a m'mudzi mwathu ankachikondera chimenecho. Dzina lake lenileni panalibe ankalidziwa. Aliyense ankangochitchula kuti Nachisale.

Amalume ankasankha mbewu chimanga chikadali chiimire m'munda. Ankayenda mzere ndi mzere, kutsina chimanga chilichonse ndi chala chachikulu, ndipo ankatenga za pakati pa munda zokha, kutali ndi haibulidi wa anthu oyandikana nawo. Zosankhidwazo sankazisenda. Ankazimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe n'kuzikoloweka pawaya pamwamba pa moto m'khitchini, kuti utsi uzizifukiza mpaka mvula idzagwe. Pofika Novembala zinkakhala zili bii ndi mwaye, zosasangalatsa kuziona, koma nankafumbwe sankaziyandikira. Mbewu imeneyi sankagulitsa. Munthu ankabwera ndi kambale kake, n'kukhala pansi, n'kufunsa za moyo wa ana, ndipo pochoka ankanyamula manja awiri a njere.

Makuponi a feteleza ndi mbewu za m'sitolo atabwera, anthu ambiri anamusiya Nachisale. Otsala ochepawo anazolowera ulesi wina wake: ankadzala, n'kukolola, n'kudya zonse, podziwa kuti kwa a Sakala mbewu siisowa. Amalume ankang'ung'udza kuti anthu a masiku ano amadya ndi mawa lomwe, koma mumtima zinkawakomera. M'mudzi mwathu muli wodziwa kufolera nyumba, muli wodziwa kuthena nkhumba, ndiye iwo anali a mbewu. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, pamsonkhano sankapatsidwa mpando, koma Novembala akafika anthu ankavula zipewa pakhomo pawo.

Ine ndine Tabeth, woyamba m'banja mwathu kuponda kuyunivesite. Maphunziro anga ndi osakaniza: pang'ono mbiri yakale, pang'ono chikhalidwe cha anthu, pang'ono kulemba, koma mutu wake ndi zachilengedwe, mmene anthu angagwiritsire ntchito nthaka, madzi ndi mitengo popanda kuzimaliza. Kumudzi zimenezi zinali zovuta kufotokoza. A Jobson, amene munda wawo unagundana ndi wa amalume, anandifunsa pagulu ngati ndikamaliza ndidzakhale mmodzi wa anthu olanda makala pamsewu aja. Anthu anaseka, ine zinandiwawa. Pofuna kuonetsa kuti sindikuphunzira zamasewera, ndinayamba kulongolola. Tchuthi chilichonse ndinkabwera ndi chiphunzitso chatsopano. Ndinadzudzula mayi anga chifukwa chootcha mapesi. Ndinadzudzula oumba njerwa chifukwa cha nkhuni. Ndinali wotopetsa, ndipo ndikuvomereza.

Chaka chachiwiri kalasi yathu inapita kukaona malo ena ofufuzira zaulimi, kutali ndi sukulu yathu. Kumeneko anatilowetsa m'chipinda chozizira chodzaza mabotolo a mbewu zamitundumitundu. Tinakhalamo mphindi khumi, mano akugundana, n'kutuluka. Pofika kumudzi nkhaniyo inali itanenepa m'kamwa mwanga. Chipinda chija chinasamuka n'kukhala cha pasukulu pathu, ndipo ine ndinasanduka munthu wolowamo nthawi iliyonse ndafuna. Ndinauza anthu pakhonde pa amalume kuti mmenemo mbewu imatha zaka handiredi osaonongeka. A Jobson anatseka pakamwa tsiku limenelo, ndipo ine ndinagona mtima uli mbee. Sindinaone kuti amalume ankamvetsera kuposa wina aliyense.

Chaka chotsatira kunagwa ng'amba. Mvula inadula masabata atatu chimanga chikutulutsa ngayaye, ndipo mbozi zinamaliza zotsala. Amalume anakolola zochepa kwambiri, pamene pakhomo panali adzukulu asanu amene mayi wawo anawasiya popita kukasaka ntchito ku Lilongwe. Pofika Ogasiti nkhokwe inali itayamba kuonetsa pansi. Tsiku lina m'mawa amalume analowa m'khitchini n'kupeza kuti pawaya pachoka zimanga zinayi. Sanafunse munthu. Ankadziwa kuti a Esitele anazitsitsa n'kukonola kuti ana amwe phala.

Litatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere kusukulu, anandiitanira kuseri kwa khitchini. Pansi panali thumba lomangidwa ndi luzi.

"Iwe Tabeth, chipinda chako chozizira chija, malo alimo?"

Pamenepo ndi pamene ndikanati, amalume, ndinawonjezera nkhani. Mawu atatu okha. Koma ndinayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana nkhope yawo, ndipo ulemu umene ndinaona m'maso mwawo unandikomera.

"Alimo, amalume."

"Kuno njala yafulumira. Azakhali ako sindingawaimbe mlandu ayi. Mwana akamalira, mbewu imaoneka ngati chakudya. Zatsala sate. Ukazisunge kumeneko, udzabwere nazo mvula isanagwe."

"Zonse, amalume? Bwanji musiyeko zingapo?"

"Ndikasiya ziwiri, ziwirizo zidyedwa. Kwa a Jobson kulibe, kwa a Dyna kulibe, ndafunsa kale. Nachisale yense ndi amene ali m'thumbamu." Anakhosomola pang'ono n'kupitiriza. "Za kasungidwe ndisakuphunzitse ine. Akuluakulu akumeneko akudziwa kuposa ife."

M'mawa mwake anamanga thumbalo pakaliyala, n'kukankha njinga wapansi mpaka pasiteji. Kondakitala atafuna kuliponya pamwamba pa matumba a mtedza, amalume anamugwira mkono n'kumuuza kuti ilo likhala pamiyendo pa mwiniwake.

Kunena zoona, sindinapite kusukulu ndi maganizo oipa. Ndinkati ndikafunsa aphunzitsi njira yotumizira mbewuyo ku chipinda chenicheni chija. Koma kunali kutali, pankafunika kalata, ndipo sabata iliyonse ndinkati ndichita sabata yamawa. Thumbalo linakhala pansi pa bedi langa kuhositelo. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Princess, mwana wobadwira m'tauni, anayamba kudandaula kuti zovala zake zikununkha utsi. Tsiku lina atabwera anzake ananena moseka kuti, "Takulandirani kumudzi kwa Tabeth." Ndinaseka nawo, koma makutu anatentha. Ine amene ndinkalalikira za nzeru za makolo ndinachita manyazi ndi fungo la khitchini ya amalume anga.

Mwezi wa Seputembala aphunzitsi analengeza chionetsero. Wophunzira aliyense ankayenera kuonetsa chinthu chokhudza kusamala chilengedwe kwawo. Anzanga anathamangira mabotolo apulasitiki ndi mbaula zosatha nkhuni. Ine ndinakumbukira chuma chimene chinali pansi pa bedi. Koma zimanga zakuda bii zikanaoneka bwanji patebulo la nsalu yoyera, pamaso pa alendo? Loweruka lina ndinakhala kuseri kwa hositelo n'kuzisenda zonse makumi atatu. Makoko ndinataya. Ndinatonola, n'kupeta, n'kupukuta njerezo ndi kansalu mpaka zinawala, kenako n'kuzithira m'mabotolo oonekera mkati. Pachikwangwani ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu mmene alimi a kwathu amatetezera mbewu ndi makoko ndi utsi. Ndinalemba zimenezo ndi dzanja lomwelo limene linali litangochotsa makoko ndi utsiwo, osaona chodabwitsa chilichonse.

Tebulo langa ndi limene linadzaza anthu. Aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa kalasi yonse, anandipatsa malikisi apamwamba, ndipo wina anandijambula nditanyamula botolo ndikumwetulira mano onse pamtunda. Chionetsero chitatha ndinakhuthulira njerezo m'jumbo yaikulu, n'kumanga pakamwa, n'kuikankhira pansi pa bedi. Fungo la utsi linali litatha, Princess anasiya kudandaula, ndipo ine ndinalowa m'mabuku kukonzekera mayeso. Dzuwa la Okutobala linabwera ndi ukali wake wonse, chipinda chathu chikutentha ngati uvuni wa njerwa. Jumbo ija sindinaitsegule ngakhale kamodzi.

Kumayambiriro kwa Novembala Princess anapeza tizilombo takuda m'shuga wake. Tina tinali pakhoma, tina pansalu yake yofunda. Ine nditangotiona ndinatizindikira, chifukwa mwana wa mlimi safunsa dzina la nankafumbwe. Ndinakoka jumbo ija. Inali yofunda, ndipo nditaiyandikiza kukhutu ndinamva kuti mkati muli moyo. Nditamasula, fumbi loyera linandithira kumaso. Pansi panali ufa wokhawokha, pamwamba njere zobookabooka, anankafumbwe akuyenda mwaufulu ngati pamsika.

"Taya zimenezo, Tabeth, zitilowa m'zovala," anatero Princess atakwera pabedi.

Sindinaganize. Sindinaimbire amalume, sindinafunse aphunzitsi, sindinapungule n'komwe kuti ndione mkati mwenimweni. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti jumboyo ichoke pamaso panga munthu wina asanadziwe. Ndinadikira nthawi ya chakudya chamasana, anthu onse atapita kukadya, n'kuinyamula kupita kudzenje la zinyalala kuseri kwa hositelo, kumene antchito amayatsa moto Lachisanu lililonse. Tsikulo linali Lachinayi. Ndinaiponya n'kubwerera osacheuka. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinali nditalowa kale mkati.

Loweruka ndinapita kumsika waukulu wa m'tauni. Ndinazungulira ogulitsa chimanga onse, kulowetsa dzanja m'thumba lililonse, kufunafuna choyera chokhala ndi njere zofiira. Ndinachipeza kwa mayi wina amene analumbira kuti ndi lokolo weniweni, wochokera kumudzi kwa amuna ake. Akanalumbira chimodzimodzi ndikanafunsa ngati ndi mpunga. Ndinagula ndowa imodzi. Masiku atatu ndinakhala ndikusankha njere imodziimodzi, zooneka zolimba kuika apa, zofewa kuika apo, zofiira kuzimwaza mwa muyezo wake monga ndinkakumbukira. Khama limene ndinaika pa bodza limeneli, ndikanaliika pa kalata ija, bwenzi nkhani ino kulibe. Ndinathira njerezo m'mabotolo aja a chionetsero n'kumata pepala lolembedwa dzina la agogo anga.

Nditafika kumudzi mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Zambia, ndipo amalume anali atatha kale kupanga mizere. Anandilandira ndi manja awiri. Ataona mabotolo anadabwa.

"Anachita kusenda?"

"Ndi lamulo lake kumeneko, amalume. Makoko salowa m'chipinda."

Diso lawo lakumanja lili ndi ng'ala, ndipo lakumanzere nalonso layamba kuchita chifunga. Anathira njere m'dzanja, n'kuzitembenuza ndi chala, n'kuzinunkhiza. Kenako anatenga imodzi n'kuiluma. Anaitafuna pang'onopang'ono, nkhope itachita makwinya.

"Chafewa ichi."

"Ndi kuzizira, amalume. Zonse zimatero zikachoka mmenemo."

Ndinadikira "ehe" wawo. Sanabwere. Munthu amene wakhala akuluma njere za chimanga chimenechi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anakhulupirira mawu anga kuposa mano ake. Anagwedeza mutu n'kunena kuti za kusukulu n'zakuya, kenako anaitana a Esitele kuti andiphere nkhuku. Nkhukuyo ndinaidya, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti inadutsa bwanji pakhosi.

Sabata imeneyo anthu anabwera ndi timbale tawo monga mwa nthawi zonse. A Jobson anabwera. Anabweranso a Dyna, mayi wamasiye amene dzina lake silinatuluke pamakuponi chaka chimenecho, ndipo amalume anawapatsa manja asanu m'malo mwa awiri, kuti adzale munda wawo wonse wa kuseri kwa nyumba. Aliyense wobwera ankauzidwa nthabwala imodzimodzi, yakuti chaka chino Nachisale wapitako kuyunivesite, ndiye abereka mwaulemu. Anthu ankaseka n'kundiyang'ana mwachikondi. Ine ndinkanamizira kutsuka mbale.

Ndinabwerera kusukulu mvula itagwa. Ndinkapemphera pemphero lopusa, lakuti mayi wa kumsika uja akhale kuti ananena zoona, kuti chimangacho chifanane ndi Nachisale ngakhale pang'ono. Mwezi wa Febuluwale mayi anga anaimba foni. Atatha kunena za matenda ndi maliro a m'mudzi anati, "Koma chimanga cha amalume ako chachita zachilendo. Chatulutsa ngayaye chili m'chifuwa mwa munthu." Ndinayankha kuti mwina ndi kusintha kwa nyengo. Mawu amenewo ndinawaphunzira m'kalasi, ndipo tsiku limenelo ndinawagwiritsa ntchito ngati chitenje chobisira ntchafu.

Chimangacho chinali mbewu yobwereza ya haibulidi, yotha mphamvu, yofuna feteleza wambiri amene amalume sathira. Chinamera chosiyanasiyana, china chachifupi, china choonda, masamba achikasu. Chinacha msanga mvula ikadali pakati, nsonga zili poyera, ndipo madzi a mu Malichi analowa n'kuoletsa. Nditabwera patchuthi mu Meyi ndinapeza minda itatu ikununkha chuku.

Ndinapezanso amalume ena. Anali ataonda, ndipo ankakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana zikhatho zawo. A Esitele anandinong'oneza kuti sakudya bwino. M'mudzi munali mutadzaza nkhani. A Jobson ankauza anthu pabawo kuti a Sakala anagulitsa mbewu yeniyeni kwa anthu a ku Chipata n'kugawira anzawo zinyalala. Ena ankati ndi ukalamba basi, munthu wakhungu sangasankhe mbewu. Chodabwitsa n'chakuti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandiganizira ine. Mwana wa kuyunivesite angalakwitse bwanji? Ngakhale amalume eni ake anali atagamula kale mlandu, ndipo wolakwa anali iwo. Ankati chaka cha ng'amba chija diso linawanamiza, anasankha za m'mphepete zimene zinakwatirana ndi haibulidi wa a Jobson.

Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndiwaperekeze. Anasankha zimanga zabwinoko pa zochepa zimene anapulumutsa, n'kudzaza dengu, n'kundisenzetsa. Tinalunjika kwa a Dyna. Tinawapeza akusankha chimanga chawo pamkeka, mulu wa zoola uli waukulu kuposa wa zabwino. Amalume anavula chipewa n'kunjuta pansi, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, pamaso pa mayi woti akhoza kukhala mwana wawo.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Munabwera kwa ine ndi chikhulupiriro, ine ndinakupatsani zosayenera. Si dala ayi. Maso angawa andipusitsa. Landirani kadenguka, n'kochepa, koma ana alawe."

A Dyna sanawayang'ane. Anapitiriza kusankha. "A Sakala, ine ndilibe mwamuna, ndilibe kuponi. Ndinadalira inu. Mukanangonena kuti mbewu yatha, bwenzi nditadzala soya. Ukalamba si mlandu, koma munthu azidziwa nthawi yosiyira."

"Mwanena zoona, mayi," anatero amalume.

Ine ndinali chiimire, dengu lili pamutu, thukuta likutsika m'khosi. Ndinkadziwa kuti mawu oyenera ndi ati, ndinkawamva akukwera, koma ndinatsitsa dengulo mwaulemu, n'kukhuthula, n'kupereka moni wotsanzika ngati mwana woleredwa bwino. Pa zonse zimene ndinachita, kuyambira kusenda mpaka kugula chimanga cha kumsika, mphindi imeneyi ndi imene imandiwotcha kwambiri ndikaikumbukira.

Pobwerera tinadzera njira ya kumunda. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, ndipo kumsewu waukulu kunkamveka mathiraki akutsika kuchokera kuboda. Amalume ankayenda patsogolo, manja kumbuyo. Titafika pamunda wawo anaima n'kuyang'ana mapesi aafupi aja.

"Zaka sate-faifi, Tabeth. Amayi anandisiyira chinthu chimodzi chokha, ine n'kuchipha ndi manja angawa." Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso lawo labwinolo. "Koma iwe usadandaule, mphwanga. Iwe mbali yako unachita. Unasunga bwino zimene ndinakupatsa."

Pamenepo sindinathenso kubisa. Ndinakhala pansi pamzere, dengu lili pambali, n'kuyamba kulira kulira kwa mwana, kwa mamina komwe. Ndinanena zonse, mosalongosoka, chakumapeto poyamba. Ndinati chipinda chozizira si cha pasukulu pathu ndipo ndinalowamo kamodzi kokha. Ndinati thumba linakhala pansi pa bedi. Ndinati ndinasenda ndine, ndinatonola ndine, chifukwa chofuna malikisi ndi kuopa kusekedwa. Ndinati anankafumbwe analowa, ndipo chimene anadzala iwo, a Jobson ndi a Dyna ndinachigula kumsika kwa mayi amene dzina lake sindikulidziwa.

Amalume sanandidule. Nditamaliza anakhala nawo pansi, patali pang'ono, n'kutambasula zikhatho zawo pamaondo. Anaziyang'ana kwa nthawi.

"Ndiye kuti sindinasankhe molakwa?"

"Ayi, amalume. Munasankha bwino. Zonse sate zinali zabwino."

Anapuma mpweya wautali, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Ndinaganiza kuti tsopano kukubwera ukali, ndipo ndinkaufuna. Ndinkafuna anditukwane m'Chinyanja chawo cha paboda chija, mwina andikwapule ndi phesi. Koma nkhope yawo inasintha mwa mtundu wina. Anasendera pafupi, maso atawala ngati munthu amene wakumbukira pamene anaika chinthu.

"Chabwino, zachitika. Nanga zobookazo zili kuti? Unazisiya kusukulu?"

Sindinamvetse. "Zobooka ziti, amalume?"

"Zimene anadya anankafumbwezo. Jumbo yakoyo. Ili kuti?"

"Ndinataya, amalume. Munali ufa wokhawokha ndi zibowo. Ndinakaponya kudzenje la zinyalala, anaotcha mawa lake."

"Yonse?"

"Yonse."

Kuwala kuja kunazima ndikuona. Anatola kadothi n'kukafikisa pakati pa zala mpaka kanatha.

"Nankafumbwe samaliza thumba, Tabeth. Amadya, inde, koma si njere iliyonse imene amafika pamtima pake. Timathira m'ndowa ya madzi. Zoyandama timapatsa nkhuku, zomira timadzala. Pa njere teni, zitatu zimamera. Ngakhale ziwiri." Anayang'ana munda wonse kuchokera uku mpaka uko. "Ine mzere umodzi unali wokwanira. Chaka chamawa ikanakhala mizere twente."

Zaka zitatu za maphunziro a zachilengedwe, ndipo chinthu chimenechi ndinachimva koyamba nditakhala padothi, mochedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi. Anankafumbwe anali atandisiyira mbewu yokwanira kupulumutsa Nachisale, ndipo ine ndinainyamula ndi manja anga kukaiponya pamoto kuti anthu asandiseke.

Amalume anadzuka pang'onopang'ono, akugwira bondo, n'kukutumula fumbi kuthalauza. Anatola dengu lija okha, chinthu chimene mwamuna wa msinkhu wawo sachita mwana wamkazi ali pomwepo. Ndinati ndilandire, anakana ndi mutu.

"Ukanangobwera nayo jumboyo, mwana iwe," anatero ndi mawu otsika. "Ndikanakukalipira tsiku limodzi lokha."

Anayamba kuyenda kulowera kumudzi, ndipo ine ndinawatsatira patali.